Chala cha Amayi Kuseri kwa Katani

"Anakutuma kudina ndani? Ndinakupatsa foni kuti uwone zithunzi za ubatizo, osati uyikonze!"

Amayi anali atayima pakhomo, choko chidakali m'manja. Ine ndinali pampando ndi foni yawo. Zoona ndinadina. Kanabwera kauthenga koti burawuza ikufuna apudeti, ine osaganiza, dinu. Itatsegukanso, mapasiwedi onse amene inkasunga yokha anali atasowa.

Amayi ndi aphunzitsi ku Mitundu, ndiye akupanga dipuloma ya pa intaneti. Asayimenti yomaliza imayenera kulowa tsiku lomwelo isanakwane folo koloko, apo ayi abwereza chaka. Pasiwedi yolowera pa webusayiti ya dipulomayo sankayidziwa nkomwe, inkangodzilemba.

Ndinafufuza m'masetingi, mulibe. Kuzimitsa, kuyatsa, ziro. Kenako ndinaona kuti akaunti yatuluka, ndipo dzina lake silinali la amayi. Linali la Lackson, mwamuna wanga. Foniyo anawagulira ndi iye, nkuyiseta kushopu yake ku Nathenje ndi imelo yake poti amayi analibe. Ndiye zonse zinkasungidwa kwa iye.

Ndinamuimbira. Ananditchulira pasiwedi, yakana. Ina, yakananso. Akuti mutu suyidziwa, zimayidziwa ndi zala. Ndinamuuza kuti zalazo zikwere njinga yamoto pompano.

Vuto lake, amayi ndi Lackson sanakhalepo malo amodzi chikwatirane ife. Za upongozi kwathu timasungabe. Akakumana panjira wina amapatuka, moni amapatsirana kudzera mwa ine ngakhale akumvana bwinobwino.

Anafika fili itadutsa, fumbi mpaka m'nsidze. Amayi atangomva njinga analowa kuchipinda nkutsitsa katani. Iye anavula nsapato, nkunjuta pakona pamene foni inali pa chaja. Analemba kamodzi kokha, akaunti yalowa. Koma kuti mapasiwedi aoneke, foni inafuna chala cha mwini wake. Ndipo batire la foni imeneyo linatha kalekale, ukangoyizula pa chaja imazima. Soketi yake ndi imodzi, ili pafupi penipeni ndi katani.

"Mayi a Chithokozo," anatero Lackson akuyang'ana kukhoma, "muwauze amayi kuti ndikupempha chala chokha."

Sindinabwereze nkomwe. Patapita kanthawi dzanja linatuluka pansi pa katani, loyera ndi choko. Lackson anapereka foni ndi manja awiri, nkhope ataloza kuwindo, khosi litapindika moti ndinamumvera chisoni. Foni inakana. Anandipempha ndiwauze apukute. Dzanja linabwerera, tinamva likukhuta pachitenje, linatulukanso. Yakananso, chifukwa amayi ankadinda pambali, paja onse awiri sankayang'ana foniyo. Ine kuseka. Kuchipinda kunachoka mawu oti useka bwino ukabwerera kwanu.

Ndinagwira chala chija ndekha nkuchiyika pamalo pake. Ndinayang'ana nthawi pafoni. Apa ndiye ndinasiya kuseka.

Mndandanda wonse unatuluka. Lackson analowa pa webusayiti ija, nkukweza fayilo. Netiweki inali ya ku Mitundu, kagudumu kamangozungulira, dzanja la amayi lidakali panja pa katani ngati aliyiwala. Kutatsala maminiti twente panabwera uthenga woti yalandiridwa. Ndinawerenga mokweza kawiri.

Amayi anandiuza ndifunse ngati bambo a Chithokozo adya, komanso ngati pamsewu panalibe zovuta. Iye anayankha kukhoma kuti wayenda bwino, kenako anati zikanakhala bwino awatsegulire imelo yawoyawo kuti zinthu zawo zisamakhale kwa iye. Ine ndinalumphira msanga, ndinati ndiwatsegulira ndine, pasiwedi ndizisunga ndine, ndine mwana wawo paja.

"Zisiye komweko kwa iwo," anatero amayi.

"Amayi, mukukhulupirira mkamwini kuposa ine?"

"Iwo sadinadina."

Tinangomva chitseko chakuseri, ndi mapatapata a amayi akulowera kumsika kukagula ndiwo za mkamwini wawo.