Sutikesi ya Pansi pa Bedi

"Suti yakuda ija ili kuti, alamu?" anafunsa a Yotamu ataima pakhomo la chipinda ngati wapolisi wa pa rodibuloko.

Linali tsiku lachinayi chimwalirireni mwamuna wa Stella, Ernest, ndipo nkhani inali isanathe. Stella ankafuna amuike konkuno ku Sheffield, ku Mangalande, kumene angamakwere tiramu, kasitima ka mumzinda, kukamuona akaweruka. A Yotamu, akulu ake a malemu, amene anabwera pa sitima kuchokera ku Liverpool, ankafuna thupi lipite kwawo ku Tsangano.

"Ndafunsa za suti."

"Ndamva. Mukufuna mumuveke ya paulendo."

"Amayi akudikira mwana wawo."

"Nanga ine Lamulungu ndizipita kwa ndani?"

Kumudzi Ernest anali mphunzitsi wa mbiri yakale. Kuno ankasambitsa nkhalamba za eni dziko. Ina mwa nkhalambazo inamupatsa buku lonena za John Talbot, bwana amene anali mwini Sheffield zaka pafupifupi mazana asanu ndi limodzi zapitazo, ndipo kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munasowa mtendere. Talbot pa tiyi, Talbot potuluka m'tchalitchi. Akuti anakalamulira ku Ireland m'malo mwa mfumu, n'kumenya nkhondo ku France mpaka kumera imvi. Adani atamugwira, pomumasula anamulumbiritsa kuti sadzavalanso zovala zachitsulo polimbana ndi mfumu yawo.

"Ndiye mkuluyo," Ernest ankatero ndiwo zikuzizira m'mbale, "anabwerera kunkhondo komweko osavala chitsulo ndi chimodzi chomwe. Anafera pomwepo. Chitsiru, Stella. Koma chitsiru chosunga mawu."

"Mkazi wake anati chiyani?"

"Bukuli silikunena."

"Ndinadziwa."

A Yotamu anatopa n'kudikira, anatsegula okha kabati. Munali madiresi okhaokha, kuyambira uko mpaka uko.

"Zovala za mng'ono wanga mwagawa kale? Asanalowe n'komwe m'manda?"

Stella anagwada, nakoka sutikesi yabuluu pansi pa bedi. Zonse zinali mmenemo: malaya, mathalauza, mayunifolomu a kuntchito, juzi ya m'chisanu imene Ernest ankati n'njosafunika, poti kuzizira kwa kuno ndi mdzukulu chabe wa kuzizira kwa ku Tsangano.

"Zimakhala momwemu," anatero Stella. "Ponyamuka anawalonjeza amayi kuti sakamasula katundu, akungokaona n'kubwerako. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, alamu. Ndinamugulira mahang'ala, iye n'kumayanikapo matawulo. Akabwera ku shifiti, achape, asite, apinde, abwezeremo."

Atangotseka pakamwa anazindikira kuti wadziluzitsa yekha mlandu. Anadikira kuti a Yotamu anene kuti mwaonatu. Koma bamboyo anakhala pamphepete pa bedi, chipewa chili pa bondo, n'kumangoyang'ana malaya aja.

"Ine yanga ndinamasula sabata yoyamba," anatero motsitsa mawu.

Suti inali pansi penipeni. Stella anaitulutsa, naifungatira kanthawi. Inkamvekabe fungo la mafuta amene Ernest ankadzola Lamulungu.

"Chitsiru chosunga mawu," anatero, n'kuipereka ndi manja awiri. "Mutengeni."

Potseka sutikesi anaona kapepala komatidwa m'kati mwa chivundikiro, kolembedwa ndi dzanja la Ernest lija la pa bolodi. Ankayesa kuti palembedwa dzina limodzi. Panali awiri: Ernest ndi Stella Kachingwe, Tsangano, Ntcheu. Inki ya dzina lake inali itabwerezedwa kangapo, mwina chaka chilichonse ikayamba kufufutika.

"Sutikesiyo ipite nawo?" anafunsa a Yotamu.

"Ayi. Mukawauze amayi kuti katundu wina akubwera pambuyo."

Anapita pa kabati, nachotsa pa hang'ala diresi lake lobiriwira. Analipinda monga ankachitira Ernest, manja a diresi kaye, kenaka pakati, n'kuliika pamalo pamene panali suti paja.