Magolovesi a Alendo

Pa chipatala cha mishoni cha ku Mphandaziwiri, chakumwera kwa msewu waukulu pakati pa Katete ndi Sinda, panali kabati imodzi yomwe Yotam Sakala ankaisamala kuposa nyumba yake. M'kabatimo munali magolovesi awiri a mtovu ndi epuloni yolemera ngati chikopa chonyowa cha ng'ombe. Kiyi wake ankamuvala m'khosi pa chingwe. Loweruka lililonse ankazitulutsa, kuzipukuta, kuzithira paudala kuti zisang'aluke ndi kutentha, n'kuzikulunganso m'pepala lomwe zinabweramo. Koma kuvala ayi.

Anamulamula choncho ndi mzungu wa m'chipinda cha ekisire, amene antchito anamutcha Bwana Mawa chifukwa chilichonse ukamupempha, yankho linali lomwelo: mawa. Tsiku limene Yotam anayamba ntchito, mu 1953, Bwanayo anatsegula kabati n'kunena m'Chinyanja chake chopindikacho kuti, "Izi za insipekita akabwera. Zikang'ambika, zina palibe." Yotam anamva msanga. Kwawo ku Vubwi amayi ake anali ndi mbale ziwiri zamaluwa zomwe mwana wa m'nyumba sankazikhudza mpaka mlendo atakhala pa mphasa. Ndiye mnyamata woleredwa bwino uja anangoti, ehe, nawonso azungu ali ndi mbale za alendo. Anayamba kunyadira kuti kiyi apatsa iye.

Ntchito inkayamba chonchi. Injini ya magetsi ikalira m'mawa, Bwana Mawa ankati, "Bweretsa dzanja." Yotam ankaika dzanja lamanja kuseri kwa galasi lobiriwira la makina ounikirawo, mafupa a zala n'kuoneka mbee, Bwana n'kugwedeza mutu kuti makina ali bwino. Tsiku ndi tsiku, kupatula Lamlungu. Kukabwera mwana wophiriphitha, womugwira anali Yotam. Nkhalamba yonjenjemera, woichirikiza Yotam. Filimu ikamagwa, woigwirizira Yotam. Bwana mwiniyo ankaima kuseri kwa chotchinga cholemera chokhala ndi kawindo, batani lili m'manja. Yotam ankaganiza kuti mzunguyo akuthawa fungo la odwala ndi chifuwa chawo, ndipo mumtima ankamuseka kuti ngwamantha. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu. Koma munthu wakuda wa Standade Sikisi akanafunsa ndani, ndipo akanamuyankha ndani?

Chimene chinkamuwawa Yotam pa ntchitoyi n'chakuti kuunika n'kungoona basi. Chaka chake chachiwiri kunabwera mayi wina wa ku Mkaika ali ndi chotupa pakhosi. Yotam anamujambula bwino kwambiri, chithunzi choti dokotala anachiyamikira. Kenako mayiyo anamukweza pa ngolo kuti akafere kwawo, chithunzi chokongolacho n'kutsala mu envelopu. Atadandaula, nesi wina anamuuza kuti ku Halale kuli makina ogwiritsa cheza chomwechi cha ekisire, koma champhamvu, chowotchera zotupa za khansa, ndipo kuli sukulu yophunzitsa anthu oyendetsa makinawo. Sabata yomweyo Yotam analemba kalata.

Yankho linatenga miyezi itatu. Ankafuna satifiketi ya Fomu Thu. Yotam analembetsa maphunziro a pa positi, n'kumawerenga masana a Lamlungu pansi pa mtengo wa mango pamene anzake ali ku kwaya. Anakhoza, anatumiza. Yankho: Fomu Thu n'chiyambi chabe, pakufunika mayeso aakulu a ku Mangalande, ndipo mwa maphunziro asanu musasowe masamu, fizikisi ndi Chingerezi. Bwanji sananene zonse pa kalata yoyamba? Yotam anakukuta mano n'kuyambanso. Mkazi wake Yunesi analima yekha munda wa mtedza zaka zitatu, mwana wawo Elizabeth ali kumsana. Fizikisi anailephera kamodzi, n'kupalasanso njinga mpaka ku Fort Jameson chaka chotsatira kukailembanso.

Atatumiza satifiketi zonse mu 1959, kunabwera kakalata ka mizere itatu. Akuthokoza chifukwa cha khama lake, koma pakadali pano malo a ophunzira achifirika palibe. Ndiye zaka zonsezo ankamuthamangitsiranji? Sukulu ya mtundu wanji youza munthu kuti kwera mtengo uwu, kwera uwo, atafika pamwamba n'kumuuza kuti zipatsozo si za anthu a khungu lake? Yotam anapsa mtima moti tsiku limenelo anathyola mpini wa khasu pa chitsa, popanda chifukwa.

Nthawi yonseyi dzanja linali likusintha. Ubweya wa pa zala unathothoka, khungu linayamba kunyezimira, zikhadabo zinang'aluka, ndipo pa chala chapakati panabuka kachilonda kosapola. Yunesi ankalipaka mafuta a nsatsi madzulo aliwonse.

"Bambo a Eliza, dzanja ili silikundisangalatsa ine. Anthu kuchitsime ayamba kunong'ona kuti n'khate."

"Alekeni alankhule, amake Eliza. Ndi mankhwala otsukira mafilimu aja. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima."

Anamuonetsanso Bwana Mawa, amene anayang'ana mwachangu n'kuti, "Paka vaselini. Tiona mawa." Buku la fizikisi linamuphunzitsa Yotam za magalasi ndi maginito, koma zomwe cheza chimachita pa mnofu wa munthu munalibemo. Zimenezo zinali za chaka choyamba ku Halale komweko.

Mu 1962, boma la azungu la Chitaganya litayamba kugwedera, azungu a ku sukulu ija anakumbuka mwadzidzidzi kuti anthu akuda nawonso ali ndi mitu. Kunabwera kalata yaitali. Malo amodzi alipo. Zaka ziwiri aphunzire bwinobwino za kuunika, kenako chaka ndi theka za kuchiza ndi cheza. Wofunsira akhale ndi satifiketi zija, kalata ya umboni ya bwana wake, zaka zosafika makumi atatu, komanso pepala la dokotala wa boma lotsimikiza kuti ali ndi thanzi. Yotam anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Akaphonya chaka chimenechi, basi kwatha. Kalata ya umboni anailondola sabata zisanu, mawa, mawa, mawa, mpaka Bwana anailemba pofuna kuti amuleke. Munali mawu abwino ndithu: wokhulupirika, waukhondo, wosamala katundu.

Kunatsala pepala la dokotala lokha, ndipo Yotam sanalidere nkhawa n'komwe. Munthu wopalasa njinga kuchoka ku Katete mpaka ku Fort Jameson angamupeze ndi chiyani? Anavala jekete la pa ukwati n'kukwera basi.

Dokotala wa bomayo anali mzungu wokalamba, wodziwa Chinyanja kuposa Bwana Mawa. Anamumvetsera chifuwa, anamuyesa maso, anamutenga magazi ku dzanja lamanzere n'kumuuza kuti abwerenso masana. Atabweranso, dokotalayo anati avule jekete, ndipo ndi pamene analiona dzanja. Analigwira n'kulitembenuza pang'onopang'ono.

"Mwagwira ntchito ya ekisire zaka zingati, a Sakala?"

"Zisanu ndi zinayi, Bwana."

"Magolovesi a mtovu kulibe kwanuko?"

"Aliko, Bwana!" anayankha Yotam monyada. "Ndimasunga ndine. Mukawaona mungati agulidwa dzulo."

Dokotala anavula magalasi n'kupukuta kumaso. Kenako anamufotokozera mosabisa. Magolovesiwo ndi epuloni si zoonetsa insipekita, n'zotchingira thupi la wantchito. Cheza chija sichimva kuwawa pochilandira, koma chimaunjikana, ndipo chikalowa sichituluka. Dzanjali lapsa ndi makina. Magazi nawonso achepa mphamvu. Chala chapakaticho chiyenera kudulidwa chisanasanduke khansa, mwina ndi chinzake. Ndipo lamulo la sukulu ija n'lomveka: munthu amene thupi lake lawonongeka kale ndi cheza saloledwa kuyandikira makina amphamvuwo.

"Sindingasaine, a Sakala. Ndikasaina ndakuphani."

"Bwana, masamu ndinakhoza. Fizikisi ndinakhoza. Chilichonse chomwe anandiuza ndinachita!"

"Ndikudziwa. Mwina cholakwa n'chomwecho."

Yotam anakwera basi yobwerera. Anakwiyira sukulu yomwe inamusunga panja zaka zitatu pamene dzanja linali likadali lopulumutsika. Anakwiyira mbale zamaluwa za amayi ake. Koposa zonse anadzikwiyira yekha, chitsiru chothira paudala Loweruka lililonse pa chinthu chomwe chikanamupulumutsa, kiyi ali pachifuwa pake penipeni. Koma funso limodzi linkamuluma njira yonse mpaka anatsika: kodi Bwana Mawa ankadziwa, kapena naye anali mbuli ngati iye? Akakhala mbuli, Yotam akanatha kumeza. Munthu sumuimba mlandu wa dzenje lomwe naye sanalione.

Yunesi atamva, sanalire. Anatenga botolo la mafuta a nsatsi n'kuliponya kudzala, nati, "Zaka zitatu ndalima ndekha kuti mukapse bwino?" Kenako ndiye analira.

M'mawa mwake Yotam anafika pa ntchito nthawi yake. Injini inalira. Panja pa benchi panali mayi ndi mwana wotsokomola, akudikira. Bwana Mawa analowa akuimba mluzu, sanafunse n'komwe za ulendo wa ku Fort Jameson.

"Insipekita abwera sabata ya mawa. Magolovesi uli wapukuta?"

"Ndapukuta, Bwana."

"Chabwino. Bweretsa dzanja."

Yotam anavula chingwe cha kiyi m'khosi n'kuchiika pa tebulo. Kenako anayenda mosafulumira n'kukaima kuseri kwa chotchinga cholemera chija, malo amene sanaimepo chiyambire ntchito. Anatola batani ndi dzanja lamanzere. Pa kawindo kaja chipinda chonse chinkaoneka chaching'ono, ndi Bwana yemwe.

"Iwe Yotam, wapenga? Choka pamenepo!"

"Langa latha, Bwana, dokotala wanena. Mafupa anga mwawaona zaka zisanu ndi zinayi, mukuwadziwa kuposa mkazi wanga. Lero tiyese makina ndi lanu."

"Usachite chipongwe."

"Chipongwe chili pati? Inu nomwe munandiuza kuti sizipweteka. Kamodzi kokha, Bwana. Ikani pagalasipo, ine ndidina, tione ngati makina ali bwino. Mwana akudikira panja."

Maso a Yotam anali pa mzunguyo osaphethira. Mumtima ankapempherabe, wosauka uja, kuti Bwanayo aseke, apinde mkono wa malaya, aike dzanja n'kuti, taona, palibe kanthu. Akanatero, Yotam akanamukhululukira pomwepo, ndi zala zomwe.

Bwana Mawa anayang'ana galasi lobiriwira lija. Anayang'ana batani lomwe linali m'manja mwa Yotam. Kenako anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, n'kulowetsa manja onse awiri m'matumba a kabudula wake.