Filimu Yopanda Mfuti

Nyumba ya vidiyo ya Amosi inali kuseri kwa chigayo pa Utale. Chinali chipinda chimodzi cha zidina, mabenchi a bulugamu, sikirini pa thebulo, ndi sipika imene anaipachika panja mu mtengo wa nimu kuti iziitana anthu. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka sipikayo inkalavula mfuti, mabomba ndi magalimoto ogundana, pamwamba pake mawu a womasulira m'Chichewa akuthira nthabwala. Anyamata a kabaza ankadzaza mabenchi onse, ndipo Amosi ankadya nawo bwino ndithu.

Bambo ake, a Lucius, anali asanapondemo. Iwo anabwera kuchokera ku Mozambiki ali mnyamata, nthawi ya nkhondo, pamodzi ndi mayi awo. Anakwatira ku Utale komweko, nalima thonje ndi chimanga mpaka imvi zinadzaza mutu. Popita kuchigayo ankazungulira njira ya kunjanji kuti asadutse pansi pa sipika ija. Mwana wawo sankamudzudzula. Ankangoti, "Phokoso limenelo ine ndinalimva kale, laulere."

Mafilimu Amosi ankakatenga ku Balaka, kwa Kevin, amene anali ndi kashopu koikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'mafulashi. Loweruka lina chipinda chitadzaza, Amosi analowetsa fulashi imene anabwera nayo dzulo lake. Mayina a mafilimu anali achilendo onse. Anatsegula yoyamba.

Panalibe nyimbo. Panaoneka phiri louma, mphepo ikuwomba, ndi mayi wina akusesa pakhomo. Anasesa, nasesa. Kenako anaima n'kuyang'ana kumsewu.

"Womenya anthu atulukira liti?" anafunsa mnyamata wina kumbuyo.

Amosi anathamangitsa filimuyo kutsogolo. Mayi uja tsopano ankamanga katundu m'nsalu. Anathamangitsanso. Bulu akukoka ngolo. Anthu anayamba kuwowoza, ndipo Amosi anazula fulashiyo n'kubwezeretsa filimu ya sabata yatha, ya asilikali a m'nkhalango. Mumtima anatukwana Kevin.

Lolemba masana kunalibe anthu, onse anali kuminda kuthyola thonje. Amosi anafuna kuona ngati m'fulashimo munali china chothandiza. Anazula waya wa sipika ya panja kuti asachite manyazi, n'kuyambitsanso filimu ija. Poyamba ankaonera akusewera ndi foni. Posakhalitsa foni anaiika pansi.

Nkhani yake inali yaing'ono. Bambo ndi mayi achikulire, kudziko lina la mapiri, ankasamuka pamudzi pawo. Anzawo onse anali atapita kale. Anali ndi ngolo imodzi ndi bulu mmodzi, katundu wambiri. Ankalankhula chilankhulo chimene Amosi sanachimvepo, mawu a Chingerezi akulembedwa m'munsi, koma mawuwo anali ochepa moti ngakhale osawerenga ukanatsatira. Mayi anakweza mphero pangolo. Bambo anaitsitsa. Mayi anakatenga madzi, ndipo pobwera anaikwezanso.

Pakhomo panagwa chithunzithunzi. Amosi atacheuka anaona bambo ake, thumba la mgaiwa lili paphewa.

"Zaonongeka?" anafunsa a Lucius. "Ndamva kuli zii, ndimati mwina wadwala."

"Iyayi, ababa. Ndi filimu ina yake. Anandiikira molakwika."

A Lucius anasuzumira. Pa sikirini bambo uja anali atagwira mphero, akuyang'ana mkazi wake, mkaziyo akuyang'ana kumbali.

"Akukangana chiyani?"

"Mphero. Ngolo yadzaza."

A Lucius anatula thumba pakhomo n'kukhala kumapeto kwa benchi, ngati munthu amene anyamuke pompano. Sananyamuke. Anaonera banja lija likutseka chitseko, mayi akubwerera kukathirira kamtengo ka pakhomo ngakhale sadzakaonanso, ngolo ikutsetsereka m'njira ya miyala. Pamene bulu anakana kuwoloka mtsinje, a Lucius anaseka chapansipansi. Pamene bambo uja anatsitsanso mphero kuti ngolo ipepuke, kenako n'kubwerera m'madzi kukaisenza yekha pamsana, a Lucius anagwedeza mutu.

"Agogo ako anachita zomwezi ndi mtondo," anatero, maso ali pa sikirini. "Mtondo wa mlombwa, wolemera ngati mwana wa ng'ombe. Tinausenza mosinthana mpaka paphiri lina, amalume n'kunena kuti basi. Agogo akowo anausiya pansi pa mtengo, atauvundikira bwinobwino kuti mvula isalowe. Mpaka kumwalira kwawo ankati mitondo ya kuno siikonola bwino."

Amosi anali asanamvepo nkhani imeneyi. Za ulendo wa ku Mozambiki bambo ake ankangoti tinayenda, tinafika. Anafuna kufunsa zambiri, koma anaopa kuti akafunsa mkuluyo atseka pakamwa, choncho anabweza maso ku sikirini.

Filimu inatha banja lija litaima pa mphambano, dzuwa lili pamutu, bambo akuloza njira ina, mayi akuyang'ana ina. Kenako mayina anayamba kukwera.

"Ika gawo lachiwiri," anatero a Lucius.

Amosi anafufuza fulashi yonse. Gawo lachiwiri munalibe.

Mawa lake Kevin anaimba foni, akupepesa. Mafulashi anasinthana pa thebulo lake. Imene inali kwa Amosi inali ya mayi Nafisa, mphunzitsi wa sekondale ku Liwonde, ndipo ya Amosi inali kwa iwo. Mayiwo ankaifuna yawo msanga. Amosi anati akapereka yekha, popeza ankafunanso kukagula waya wa sola ku Liwonde komweko.

Tsiku la ulendo anapeza bambo ake atavala jekete la kutchalitchi, ataima pafupi ndi njinga.

"Ndikufuna ndikawafunse mayiwo," anatero. "Munthu sangakusiye pa mphambano chonchija."

Anapalasa mpaka kumsewu wa tala, nasiya njinga kwa mnzake wa Amosi wogulitsa matabwa, n'kukwera minibasi. Atawoloka Shire anatsika, ndipo mayi Nafisa anawalandira pakhonde la nyumba yawo kuseri kwa msika. Anali mayi wamfupi, wovala mpango wobiriwira, woseka msanga. Anabweretsa thobwa m'makapu.

"Yanu ija ndinayesa kuonera," anatero akupereka fulashi ya Amosi. "Ndisananyamuke pampando anthu anali atafa mudzi wathunthu."

Amosi anaseka. A Lucius anadikira kuti moni athe, kenako anafunsa za gawo lachiwiri.

"Kulibe, bambo. Inathera pomwepo."

"Ndalama zinawathera?"

"Iyayi. Anafuna choncho. Akuti otsalawo mumalize inuyo oonera."

A Lucius analingalira, akuzunguza thobwa m'kapu. "Ndiye anatsata njira ya mayi," anatero. "Mwamuna amene wasenza mphero m'madzi, nkhani ya njira waluza kale."

Mayi Nafisa anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Anati iwo ankaganiza kuti awiriwo anabwerera kwawo, ndipo anakangana ndi a Lucius kwa kanthawi, aliyense akutchula zimene anaona: mmene mayi uja anagwirira chingwe cha bulu, mmene bambo anavulira chipewa. Amosi anadabwa kuona kuti iyenso anali ndi maganizo ake, ndipo anawanena.

Mayiwo anafotokoza kuti mafilimu otere alipo ambiri, opangidwa ndi anthu ochepa m'maiko osiyanasiyana, ena mu Afirika momwe muno. Sachita phokoso ndipo safika m'mashopu ngati a Kevin. Iwo anawadziwa ali ku koleji, kudzera mwa mnzawo, ndipo kuyambira pamenepo ankasonkhanitsa. Ku Liwonde analibe woonera naye. Amuna awo ankagona filimu isanafike pakati.

"Ena ndi otopetsa ndithu, ndisakunamizeni," anatero. "Koma ena amakutsatira mpaka kumunda."

Anakopera Amosi angapo pa laputopu yawo, akusankha a mawu ochepa. Imodzi inali ya asodzi, ina ya mtsikana wophunzira kusoka kwa azakhali ake, ina ya abale awiri oyendetsa lole.

Amosi sanasiye mafilimu a nkhondo. Ndiwo ankagula ufa ndi sopo, ndipo iye mwini ankawakondabe, makamaka a karate. Koma Lachitatu masana, nthawi imene chipinda chinkakhala chopanda anthu, anayamba kuzula waya wa sipika ya panja n'kuika imodzi mwa za mayi Nafisa. Sabata yoyamba anaonera awiri, iye ndi bambo ake. Yotsatira kunabwera mkazi wake Dailesi, amene ankati m'vidiyo ndi mwa anyamata, atatenga mnzake wa kukwaya. Kenako a Akimu okonza njinga, ndi amayi ena odikira ufa pachigayo. Sanadzazepo chipinda. Ena ankalowa, n'kukhala pang'ono, n'kutuluka akuyasamula, ndipo palibe amene ankawaletsa.

Womasulira panalibe, choncho Amosi ankawerenga mawu a m'munsi n'kumawanena m'Chichewa motsitsa, osawonjezera nthabwala. Pena Chingerezi chikamukanika ankangoti, "Apa sindinamve," ndipo Dailesi ankayankha kuti palibe kanthu, nkhope yanena kale. Filimu ya abale a lole inawagonetsa onse, a Lucius omwe, ndipo anagwirizana kuti imeneyo asadzaibwerezenso. Ya mtsikana wosoka anaibwereza chifukwa amayi anaumirira.

Thonje litagulitsidwa, mayi Nafisa anabwera ku Utale pa holide, pa kabaza, atanyamula mafilimu atsopano. Dailesi anaphika mbatata ndi tiyi. Tsiku limenelo kunachita mitambo kuyambira m'mawa, sola sinakoke moto, ndipo filimu ya asodzi ili pakati, bwato litangochoka pagombe, batire inatha. Sikirini inada.

Amosi anadzuka kuti apepese, koma palibe amene ananyamuka. A Akimu anati mnyamata wa m'bwatomo sabwerera, zaonekeratu. Dailesi anakana, nati akanakhala wosabwerera, mayi ake sakanamupatsa malaya atsopano. Onse anatembenukira kwa mayi Nafisa, amene ankadziwa mathero ake.

"Ine sindinena," anatero mayiwo, akusenda mbatata. "Dikirani dzuwa."

Amosi anatsegula zenera kuti mulowe kuwala, nathira tiyi wina m'makapu. Panja chigayo chinkalira, mbuzi zikudutsa. A Lucius anasendeza benchi kuti ayang'anane ndi a Akimu, n'kuyamba kuwafotokozera bwinobwino pamene a Akimuwo analakwitsa.