Pepala la M'nsungwi ya a Lestina

Ine Anderson ndinali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi cha ku Mphuka, ndipo ndinkayenda monyang'wa ngati munda wonsewo ndi wa atate anga. Ndinaphunzira ku mishoni. Alomwe olima thangata pa esitetiyo bwana anawakaniza sukulu, ati wodziwa cholembera amaiwala khasu.

Mu 1929 bwana anafuna kudula msitu wa manda awo kuti adzalepo tiyi. Anandilembetsa mapepala akuti aliyense amene ali ndi m'bale m'msitumo akanene ku ofesi miyezi iwiri isanathe, manda akewo adzawasiyira mpanda. Anati ndikawawerengere anthuwo. Tsikulo kunali chiperoni, ine nditavala nsapato zatsopano. Ndinaopa matope. Ndinangogawa mapepalawo pamsewu n'kubwerera.

Mmodzi mwa olandira anali a Lestina, mayi wothyola tiyi, amene anaika mwana wawo Joan m'msitumo chaka chomwecho. Analandira ndi manja awiri, atagwada. Pepala lokhalo limene ankalidziwa ndi chitupa cha msonkho, ndipo chitupa sawerenga ayi. Amachipinda, n'kuchilowetsa m'nsungwi, n'kuchisomeka kudenga kuti chisanyowe, kudikira tsiku limene asilikali adzachifune. Ilinso analisunga chimodzimodzi.

Ku ofesi sikunabwere munthu. Chifukwa chake ndinkachidziwa, koma ndinatseka pakamwa poopa kuchotsedwa ntchito. Nkhwangwa zinalowa, moto unatsatira, makasu anasalaza mitumbira yonse.

Mbande za tiyi zitaima m'mizere, a Lestina anandipeza m'mundamo. Anasolola pepala lija m'nsungwi, loyera ngati ndalilemba dzulo.

"Akalaliki, ndinasunga bwinobwino, taonani, silinanyowe," anatero. "Inu odziwa kuwerenga, tandionereni. Likuti mwana wanga ali mzere uti?"

Ndinayang'ana zolemba za dzanja langa. Ndinalephera kuwauza zoona. Ndinayendetsa chala papepalapo ngati ndikufufuza, kenako ndinaloza mbande imene inali pafupi.

Anandithokoza, akuwomba m'manja.

Papita zaka zisanu ndi ziwiri. Tiyi yense amamudula mutu kuti alingane, koma mtengo umenewo anzawo othyola amaulambalala, ndipo watalika kuposa mitengo ina yonse. Ndimauona ndili pawindo la ofesi, ngakhale kuli nkhungu. Lamulungu lililonse a Lestina amadzasesa pansi pake, akuyankhula motsitsa m'Chilomwe.

Pamenepo sipanagonepo munthu. Panali njira ya ngolo.