Maliro a Lachitatu

"Achemwali, azakhali anu aja amwalira kangati chaka chino?"

Funsolo linamupeza Belita akutsamiritsa njinga pakhoma la ofesi. Wofunsayo anali Julius, dalaivala wa bungwe lawo lokumba mijigo, munthu wosatha kusunga mawu m'kamwa.

"Lero mukafotokoze bwino," anapitiriza uku akuseka. "Abwera mayi a kulikulu, fayilo ili kukhwapa."

Belita anaseka naye mwachiphamaso. Chaka chimenecho, cha 2005, likulu la ku Blantyre linayamba kuwerenga masiku amene wantchito aliyense wajomba. Mwezi ukatha ofesi iliyonse inkatumiza fomu, iwo n'kumayerekeza maboma. Mlingo wake unali masiku asanu pachaka, ndipo kalata inanena poyera kuti wopitirira pamenepo popanda chifukwa chomveka ntchito imuthera. Belita, mlangizi wa zaukhondo m'midzi ya kwa Nazombe, anali atafika kale pa masiku asanu ndi anayi. Pafomu ponse analemba mawu amodzi: maliro.

Koma maliro kunalibe. Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse ankapalasa njinga kupita kuchipatala kukalandira ma ARV, atadzikulunga mpango mpaka m'maso. Ankaopa chifukwa anaona zomwe zinamuchitikira Eveles, mlangizi mnzake. Nkhani yake itamveka, kapu yake ya tiyi inayamba kuikidwa payokha, amayi kumjigo anasiya kumupatsa moni wa pamanja, mpaka anangosiya yekha ntchito. Belita anali ndi ana awiri, bambo awo anatsogola kale. Choncho mwezi ndi mwezi ankapha wachibale mmodzi papepala, ndipo Lamulungu ankapepesa kwa Mulungu.

Muofesi anapeza a Makina, mkulu wa ofesiyo, atakhala pambali ngati mlendo. Pampando wawo panali mayi Gertrude, oona za antchito kulikulu, magalasi ali pamphuno.

"Khalani pansi, mayi. Pepani ndi zovuta zonsezi," anatero mayi Gertrude mofatsa. "Ofesi ino yaposa ena onse pa kujomba, ndiye ndabwera kuti ndimvetse. Chandidabwitsa n'chimodzi. Kwanu anthu amasankha tsiku lomwalira?"

"Sindinamve, mayi."

"Maliro anu onse agwa Lachitatu loyamba la mwezi. Onse asanu ndi anayi."

Belita anayang'ana a Makina, koma iwo maso anali pansi.

"Ndikuuzeni lamulo lake," anatero mayi aja. "Masiku a matenda, ngati pali umboni wa kuchipatala, sitiwawerengera munthu. Pa masiku asanu a pachaka, a maliro timalola atatu basi. Ndikalemba zomwe zili apazi, mwezi wamawa simuli pantchito. Mapanga awiri avumbwitsa, mayi. Ndilembe chiyani?"

Buku la kuchipatala linali m'chikwama momwemo, lokulungidwa m'pepala la pulasitiki. Belita ankalimva ndi zala. Chitseko chinali chotsegula pang'ono, ndipo panja Julius ankapukuta galimoto yoyera kale, khutu lili kuno. Madzi akatayika saoleka. Akatulutsa bukulo, dzuwa lisanalowe nkhani ifika kwa Nazombe iye asanafike. Akapanda kulitulutsa, ana adya chiyani?

Anamasula pepala lija, n'kuika bukulo patebulo.

"Azakhali anga ali moyo, mayi. Wodwala ndine."

Panja nsanza ya Julius inasiya kulira pagalasi. Mayi Gertrude anatsegula bukulo, anawerenga masamba awiri, n'kulitseka bwinobwino. Anatenga cholembera n'kuyamba kufufuta mawu aja oti maliro mzere ndi mzere.

"Ntchito yanu ilipo," anatero. Kenaka anatembenuza tsamba lina la fayilo. "Tsopano kwatsala inu, a Makina. Njinga yanu yamoto imawonongekera ku Mulanje Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Ndilembe chiyani?"

A Makina, mkulu wa mpingo, bambo amene Belita ankamuopa kuposa onse, anapisa dzanja m'thumba lam'kati la jekete. Anatulutsa buku lofanana ndi lija, lopindika m'makona. Analiika pambali pa la Belita.

Nthawi ya tiyi itakwana, Julius anabweretsa makapu osayang'ana munthu kumaso. Awiri anawaika kumapeto kwa tebulo, patali ndi ena. A Makina anadzuka, anatenga makapu awiri aja n'kuwasakaniza ndi anzake.

"Thira tiyi, Julius," anatero. "Aliyense atenge yomwe wafuna."