Dzira la Mtengo

Khalalo linali laling'ono kwabasi. Linathothoka m'simbi n'kugwera pachigongono cha jekete, ndipo mmene mtengwa amati alikunthe n'kuti litaboola kale.

Jeketelo silinali wamba. Linali la malemu apongozi ake aamuna, ndipo apongozi aakazi ankalitulutsa kamodzi pamwezi n'kulisita okha. Tsikulo, popita kuchipatala cha maso, anamusiyira iye koyamba. Miyezi isanu ali pakhomopo, mwamuna ali kutali kuntchito, iye akusekerera mayi wosaseka, ndiye tsiku loti amukhulupirire n'kukhala lomwelo! Anadziona atasenza chikwama, akubwerera kwawo.

Pansi pa bedi la apongozi panali chitini chimene munthu sankachikhudza. Iye anachikhudza. Munali singano, ulusi, lumo ndi dzira la mtengo, lija amalowetsa m'sokosi potseka bowo. Analikankhira mumkono wa jekete mpaka nsalu inakungika pamwamba pake, n'kuyamba kulukanitsa ulusi pabowopo. Bowo linatsekeka, koma panaoneka ngati chipsera. Pofuna kubisa, anapetapo katsamba ndi ulusi wofanana ndi nsaluyo. Anadzibaya katatu, ndipo galimoto iliyonse yodutsa mumsewu inkamudula mtima.

Geti linalira. Anadula ulusi ndi mano, chitini pansi pa bedi, jekete pahang'ala.

"Mwasita?" anafunsa apongozi akulowa, maso akutuluka misozi ndi mankhwala.

"Ndasita, amayi."

Maso amenewo sakanaona kanthu, ndipo mtima wa mtengwa unayamba kukhala pansi. Koma apongozi atanyamula jekete, dzira lija, limene mtengwa analiiwala mumkono, linagwa pasimenti kuti gu! Linagubuduka pang'onopang'ono, ngati lochita kutumidwa, mpaka kukaima pamapazi awo.

Apongozi anawerama, anatola dziralo, kenako zala zawo zinayenda ndi mkono wa jekete mpaka zinaima pachigongono.

"Mwawotcha."

"Khala, amayi. Pepani, ine..." Anagwada, akudikira kuuzidwa kuti alongedze.

"Bweretsani dzanja."

Anapereka ngati wopita kukadulidwa chala. Apongozi analigwira mwamphamvu, anapinda kolala ya jekete, n'kumukhudzitsa pansi pake. Panali katsamba kena, kakale, kopindika, ulusi wake utasuluka.

"Aka n'kanga. Ndinali ndi mwezi umodzi pabanja, ndipo ndinalira tsiku lonse." Anasisita katsambako ndi chala chachikulu. "Apongozi anu aamunawo ankaonetsa anzawo kuntchito, ati mkazi wanga wandikongoletsera. Amwalira osadziwa."

Mtengwa anafuna kuseka, koma m'maso munatuluka misozi.

"Kanu kaposa kanga," anatero apongozi, akumuika dzira lija m'manja. "Koma mawa mukabisa mlandu, muzitulutsa dzira."