Makina Kuseri kwa Chingwe

Amene analakwira Chigamba anali mwana wa achimwene ake enieni, ndipo anachita zimenezi maluwa a pamanda pa achimwenewo asanafote. Mwanayo, amene anthu ankamutcha Watayi chifukwa chogwira ntchito mu ofesi, anabwera ndi galimoto pakhonde la sitolo n'kunyamula makina osokera, tebulo, sizasi ndi mpando womwe, kukapereka kunyumba yosungira zinthu zakale mumzinda. Chigamba atafika kuntchito anangopeza dzimbiri la miyendo ya makina pasimenti.

Makinawo ankasokera anthu awiri. Malemu ankadula ndi kusoka masuti, mng'ono wawoyu ankapinda mathalauza ndi kuika zigamba, n'kumene kunachokera dzinali. Maso a Chigamba anali atayamba kumukana. Zakutali ankaona bwino, koma bowo la singano linali chifunga chokhachokha. M'mawa uliwonse achimwene ake ankamulowetsera ulusi m'masingano makasitomala asanafike, ndipo nkhaniyi sinkadziwika kunja kwa banja.

Loweruka Watayi anatenga amayi ake ndi Chigamba kuti akaone ulemu umene wachitira bambo ake.

Anadutsa chipinda cha makasu ndi zikwakwa, kenako cha nyali, mbaula ndi simbi za makala. Chigamba ankayenda manja ali kumbuyo, akung'ung'udza.

"Simbi ngati iyi ndili nayo kunyumba. Kodi ndiye kuti nanenso ndine wakale? Undipachike pakhomapo, iwe, anthu azindionera."

"Bambo aang'ono, chonde, anthu akumva," anatero Watayi.

"Amve! Makutu anawabweretseranji?"

M'chipinda chachitatu anali atamanga khonde labodza, la malata opentedwa dzimbiri. Makina anali pamenepo, atapukutidwa mpaka kunyezimira, kutsogolo kwake kuli chingwe chofiira. Pampando panali chidole chachikulu chopanda nkhope, chitavala jekete la malemu, tepi yoyezera ili m'khosi.

Mayi wamasiye anagwira pakamwa. Chigamba anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mano.

"Ehe! Chidole chapeza ntchito, ine ndasanduka lova."

"Dzina la bambo anga silidzaiwalika," anatero Watayi akukonza tayi yake. "Ana a sukulu azidzaona mmene anthu ankagwirira ntchito kale."

"Kale liti? Mwezi wathawu ndi kale? Pali thalauza la mwini wake limene ndinasiya mwendo umodzi osapinda. Ndimuuze kuti azivala choncho poti ndi mbiri?"

"Ine ndinati ndizikuthandizani."

"Uzindithandiza! Ndizibwera ku ofesi kwako chipewa chili m'manja, mlonda azindifunsa kuti mukufuna ndani, madala? Makina awa adakuveka yunifolomu, adakulipirira sukulu imene yakuphunzitsa kuba masana dzuwa likuswa mtengo."

"Sindinabe. Ndi katundu wa bambo anga."

"Nanga phazi limene linadya chopondera chija ndi la bambo ako okha? Tayang'ana, chadyeka mbali ziwiri!"

Watayi anatsitsa mawu. "Tisanamizane, bambo aang'ono. Maso anu anatha. Mukanasoka chiyani nokha?"

Chigamba anatembenukira kwa mayi wamasiye.

"Alamu, inu munavomera zimenezi?"

"Anandiuza galimoto itapita kale," anayankha mayiwo akuyang'ana pansi. "Ine ndilimbane ndi mwana, maliro ali m'mutu?"

Phokosolo linakoka mayi woyang'anira chipindacho, wovala baji pachifuwa. Chigamba anamuuza kuti wabwera kudzatenga makina ake.

"Pepani, bambo," anatero mayiyo mwaulemu. "Chimene chalowa muno chimakhala cha anthu onse. Sichitulukanso."

"Cha anthu onse? Ine si munthu?"

"Mukhoza kumabwera kudzaona nthawi iliyonse. Okalamba salipira pakhomo."

"Wamva, iwe? Andichitira chifundo. Ndizidzaonera njala yanga mwaulere."

Apo m'pamene maso a Chigamba anagwera pakona ya tebulo. Panali kapilo ka malemu kobayapo masingano, kansalu kofiirira kothimbirira ndi thukuta. Masiku onse pankakhala masingano atatu kapena anayi. Tsopano kanali katadzaza ngati nungu, ndipo singano iliyonse inali ndi ulusi wake ukulendewera: wakuda, woyera, wabuluu, wa kaki, uliwonse utamangidwa kale mfundo kumapeto.

"Alamu," anatero, "izi zinachitika liti?"

"Tsiku lopita kuchipatala. Galimoto inadikira panja, achimwene anuwo akukana kukwera. Manja akunjenjemera choncho, ankalowetsa umodziumodzi. Anati, mng'ono wangayu asachite manyazi pamaso pa makasitomala ine ndisanabwere."

Watayi anayang'ana kudenga. Chigamba anatambasula dzanja pamwamba pa chingwe.

"Osakhudza, bambo," anatero woyang'anira uja.

"Kapilo kokhako."

"N'zoonetsa zonsezo. Pepani."

Dzanja linakhala m'malere kanthawi, kenako linabwerera m'thumba la jekete. Kumbuyo kwawo kunali kutafika gulu lina la odzaona, ndipo woyang'anirayo anawapempha kuti asunthe pang'ono, anzawo aone nawo.

Lolemba Chigamba anapita pakhonde paja monga mwa masiku onse. Anakhala pa chidebe, thalauza lija la mwendo umodzi wosapinda lili pamiyendo, singano kudzanja ili, ulusi kudzanja linalo.